Msoko wa Siluk ndi Jombo ya Naulak

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nyanja imauma gwa ngati mwala kwa miyezi isanu ndi itatu pa chaka, kuli mtundu wa anthu amene alendo anawatcha Aesikimo, koma eni ake amadzitcha Ainuiti, ndiko kunena kuti anthu. Kumeneko sikumera mtengo, sikulimidwa munda, ndipo dzuwa likatuluka m'chilimwe limaiwala kulowa kwa miyezi iwiri yathunthu. Mbiri iyi ndi ya anthu a m'mudzi wa Imaruk monga momwe akuluakulu awo amaifotokozera, ndipo pamene iwo amatsutsana, wolemba watsata mawu a wokalamba koposa onse, pakuti ndiye amene ankakalipa kwambiri akatsutsidwa.

Akuti kalekale, zaka pafupifupi chikwi zapitazo, makolo a anthu amenewa ankakhala kutali kumadzulo. Moyo wawo unali pa anamgumi ndi akatumbu a m'nyanja, nyama zonenepa zimene zinkawapatsa ndiwo, zikopa ndi mafuta a nyale. Kunadza zaka zitatu zotsatizana zimene anamgumi sanadutse, mpaka agalu anayamba kudya zingwe zawo ndipo ana analeka kusewera. Pamenepo mlenje wina dzina lake Naulak, mwana wa Tagiuk, mdzukulu wa Amak wa diso limodzi, anaimirira nanena kuti iye akupita kum'mawa kukafuna kumene anamgumiwo analowera. Mabanja asanu ndi awiri anamutsata m'mabwato atatu a zikopa.

Naulak anali munthu wamphamvu, wa mawu ngati bingu, ndipo ankayenda mwamtopola kotero kuti jombo zinkatha m'mapazi mwake mwezi usanathe. Mwayi wake unali woti anakwatira Siluk, mwana wa Pamiuk, mkazi wamfupi wosayankhulayankhula, amene ankasoka kuposa aliyense amene anagwirapo singano. M'dziko limenelo singano si chinthu chamasewera ayi. Jombo ikalowa madzi, munthu amaduka zala, ndipo bwato likalowa madzi, banja lonse limathera pomwepo. Siluk ankasoka ndi singano ya fupa la mbalame ndi ulusi wa mitsempha ya nyama, ndipo msoko wake unali wa mizere iwiri, phazi la singano la mzere uwu likugwera pakati pa mapazi awiri a mzere winawo. Madzi ankafika pa msokowo n'kubwerera ndi manyazi.

M'chilimwe chachitatu cha ulendowo, bwato la Naulak linagunda chimwala cha madzi oundana ndipo linang'ambika pansi, chibowo chotalika ngati mkono. Naulak, poti nzeru zake zinali m'mapazi, anaponda pachibowopo ndi jombo yake n'kuyamba kufuula. Siluk sanafuule. Anagwada m'madzi ozizirawo nayamba kusoka, ndipo ulusi utamuthera msoko uli pakati, anazula tsitsi lake kuseri kwa khutu lamanzere, nalipota pantchafu, napitiriza. Pa nthawi imeneyo namgumi wamkulu anavuuka pansi pa bwatolo nalinyamula pamsana pake, ndipo sanalitsitse kufikira Siluk atamanga mfundo yomaliza. Kenaka namgumiyo analunjika kum'mawa pang'onopang'ono, mabwato atatu aja akumutsata, mpaka anafika pa kamtunda ka nsangalabwi kolowa m'nyanja kumene anamgumi ankadutsa ngati ng'ombe zopita kudambo. Pamenepo ndiye pa Imaruk. Tsitsi la Siluk silinamerenso pamene analizula paja.

Anthuwo anakhuta, nabala ana. Siluk anabala Akpik ndi Manik, Akpik anabala ana asanu ndi mmodzi, ndipo kwa zaka makumi anayi panalibe maliro pa Imaruk, chifukwa akuti imfa inatsalira kumadzulo ikufunsa njira. Itafika, inayamba ndi Siluk. Inamupeza atakalamba, akusokera mwamuna wake jombo zatsopano. Yakumanja anali atamaliza, koma yakumanzere inatsala ndi msoko wotalika zala zitatu. Naulak analira ngati mwana, koma mkazi wakeyo anamuyang'ana ndi diso lakuthwa nati: "Lekani phokoso, bambo. Ndidzamaliza ndikabweranso."

Amayi osoka anzake ndiwo anasankha pomuika, ndipo anamuika pamodzi ndi jombo yosathayo, singano ili chibayire. Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo wa pa Imaruk kuti amuna azikumba manda, koma oloza pokumba akhale amayi osoka. Naulak anakana kuti wina aliyense amusokere jombo yakumanzere. Anayenda zaka zisanu ndi jombo imodzi yatsopano ndi ina yazigamba, ndipo anamuika m'manda ali choncho.

Tsono kuti mawu a Siluk aja amveke, tiyenera kudziwa mwambo wina wa anthu amenewa. Kwa iwo dzina ndiye munthu. Wina akamwalira, dzina lake limapatsidwa kwa mwana wobadwa pambuyo pake, kaya ndi wamwamuna kaya ndi wamkazi, ndipo mwanayo amatengedwa kuti ndi mwini dzina uja wabweranso. Kamtsikana koyamwa kamatchedwa agogo aamuna, ndipo nkhalamba ya imvi imagwadira khanda n'kumati mayi. Motero dzina la Siluk ndi la Naulak anayenda mibadwomibadwo, koma manda aja anaiwalika. Mudzi unasamukira pachitunda, anthu anayamba kuika maliro pafupi ndi tchalitchi, mitumbira yakale inafafanizika ndi mphepo, ndipo panalibe amene akanaloza pamene Siluk anagona.

Siluk wachikhumi ndi chisanu anabadwa mwamuna. Tsiku lomwelo kunabwera mayi wina amene ankanyamula dzina la Naulak, napinda khutu lamanzere la khandalo, napeza kadazi kosamera tsitsi. Anaseka mpaka misozi, nati: "Akazi anga, mwafika! Koma ndiye mwasankha thupi lolakwikatu." Mwanayo atakwana zaka zisanu, amayi a m'mudzi anamukhazika pakati pawo namupatsa singano, ndipo akadandaula ankamuuza kuti iwo sakumuphunzitsa kanthu, akungomukumbutsa.

Anakula n'kukhala chimunthu chachikulu chodzaza khomo, mlenje wodziwika komanso wokonza njinga zamoto zoyenda pa madzi oundana. Kusoka ankakudziwa kuposa akazi onse a pa Imaruk, koma ankachita nako manyazi kwambiri, chifukwa anyamata anzake anamuseka kuyambira ali mwana. Singano yake ankaibisa m'mphepete mwa chipewa. Chimene sankatha kubisala nacho chinali moni wa Naulak, amene tsopano anali gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri, wochepa thupi ngati mwana wa sukulu. Akakumana pasitolo kapena pakhomo la tchalitchi, gogoyo ankakweza mawu kuti aliyense amve: "Akazi anga, jombo yanga ija ili pati?" Ndipo chimphonacho chinkawerama n'kuyankha chapansipansi kuti: "Mawa, amuna anga." Anthu ankaseka ngati akumva koyamba, ndipo izi zinachitika zaka makumi anayi.

Kenaka nyanja inasintha khalidwe. Inayamba kuchedwa kuundana, ndipo mafunde a m'nyengo ya mphepo ankafika pa kamtunda ka nsangalabwi kaja popanda chowatchinga, n'kumakadya chaka ndi chaka. Tsiku lina ana anatola chigaza cha munthu m'mphepete mwa madzi. Mudzi wonse unachita mantha, pakuti mwambo umati munthu amene mafupa ake atengedwa ndi nyanja, dzina lake lapita nawo, ndipo silipatsidwanso kwa mwana. Siluk, amene moyo wake wonse ankang'ung'udza ndi dzina lachikazilo, anadabwa kuona kuti mtima wake wasweka. Kusekedwa anali atakuzolowera, koma kukhala Siluk womaliza sanakufune m'pang'ono pomwe.

Anthu a m'mudzi anagwirizana zoitana akatswiri ofukula zakale kuti apeze mandawo ndi kuwasamutsira pachitunda. Anapangana nawo kuti akhoza kuyeza ndi kujambula chilichonse, koma fupa kapena kanthu kalikonse sikachoka pa Imaruk. Anabwera anthu asanu motsogozedwa ndi Mayi Solheim, katswiri wa imvi amene anatha zaka makumi atatu akugwada m'maenje a anthu akale. Anali ndi milungu isanu ndi umodzi yokha, chifukwa chilimwe cha kumeneko n'chachifupi. Nthaka yake ndi youndana chaka chonse, ndipo imasungunuka zala ziwiri zokha pa tsiku, kotero kuti munthu amapala pang'ono ndi kampeni, kusesa ndi kaburashi, n'kudikira dzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nyanja inalibe kudekha kumeneko.

Akatswiriwo anali ndi makina okankha ngati wilibala, otha kuona pansi pa nthaka. Makinawo anapeza manda makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, ndipo pa lililonse anazikapo kambendera kofiira. Timbenderato tinapanga mizere iwiri yaitali. Mayi Solheim anaganiza monga angaganizire munthu aliyense wophunzira, kuti woyamba kuikidwa ayenera kukhala kumapeto kwa mzere. Anakumba kumapeto a kum'mawa napeza mlenje atagona ndi galu wake. Anakumba kumapeto a kunyanja napeza bambo wina wa mano abwino ndi mkazi wamtali. Onsewo anawanyamula mwaulemu kupita nawo pachitunda, koma Siluk sanaoneke. Milungu inayi inatha, ndipo wailesi inalengeza kuti mphepo yamkuntho ifika pasanathe masiku asanu. Mayiyo anali wakhama ndi waulemu, koma m'masiku onsewo sanafunse ndi mmodzi yemwe kuti kodi kale ankaloza pokumba manda ndani. Paja safunsa anadya phula.

Siluk ankagwira ntchito yowanyamulira katundu, ndipo tsiku lililonse ankabwerera kunyumba mtima uli m'malere. M'mawa wina mphepo inang'amba denga la tenti yosungiramo zida. Panalibe wodziwa kusoka pakati pa alendowo, ndipo mvula inali pafupi. Siluk anayang'ana uku ndi uku, anapuma mozama, nasolola singano m'chipewa chake anthu onse akuona. Anakwera makwerero, nabaya singano, ndipo ali pamwambapo anaponya maso kumanda kuja. Anali asanaonepo timbenderato kuchokera pamwamba. Anaona mizere iwiri, kambendera ka mzere uwu kakugwera pakati pa tiwiri ta mzere winawo. Anayang'ana msoko umene unali m'manja mwake, nayang'ananso timbenderato, ndipo anatsika makwererowo mothamanga mpaka anathyola popondera pamodzi.

"Mayi," anatero akupuma wefuwefu, "manda awa amayi osoka ndiwo analoza. Anawayala monga amayalira msoko."

Mayi Solheim anati zimenezo n'zosangalatsa, koma msoko nawonso uli ndi poyambira, ndipo kumapeto konse kuwiri akumbako kale. Siluk anapukusa mutu, natola chidutswa cha tenti kuti awaonetse. Wosoka wa pa Imaruk sayambira m'mphepete, chifukwa mfundo ikakhala m'mphepete imakhuzika n'kumasuka. Amayambira mkati, mapazi atatu a singano kuchokera kumapeto, pakati penipeni pa mizere iwiri ija. Amabwerera chakumapeto, kenaka n'kutembenuka kusoka mopitirira, kotero kuti mfundo imabisika pansi ndipo madzi saipeza. Atatero anayenda kuchokera kumapeto a kunyanja, nawerenga timbendera titatu, naima pakati pa mizere, pamalo popanda kambendera. Kuchokera pamenepo kufika pamene nthaka inkagumukira m'nyanja panali mapazi anayi okha.

Mayi Solheim anayang'ana pepala lawo nati makina akuonetsa kuti pamenepo pali mwala wafulati basi, ndipo akataya masiku otsalawo pa mwala, manda ena atatu apita ndi madzi. Gogo Naulak, amene tsiku lililonse ankakhala pa bokosi la zida n'kumayang'anira ntchito ngati kapitawo, anagogoda pansi ndi ndodo. "Mwana wanga, makina akowo anasokapo jombo?" Katswiriyo anaseka, nazula kambendera kamodzi n'kukapereka m'manja mwa Siluk.

Poti kudikira dzuwa sikukanathekanso, mudzi wonse unatsika ndi maketulo. Amayi ankawiritsa madzi, amuna ankathira pang'onopang'ono pamene katswiri waloza, ndipo alendowo ankapala matope ndi kuwasefa. Tsiku lachiwiri thambo linada kumadzulo ndipo mafunde anayamba kukula. Pamenepo namgumi wamkulu anavuuka pafupi ndi gombe, nagona chopingasa kutsogolo kwa mandawo, mafunde n'kumaswekera pamsana pake. Anakhala pamenepo masiku atatu osasuntha. Akatswiri analemba m'buku mwawo kuti mwina ankadya tinsomba, ndipo anthu a pa Imaruk sanawatsutse, chifukwa mlendo sachititsidwa manyazi.

Tsiku lachinayi anafika pa mwala uja, ndipo sunali mwala koma fupa la phewa la namgumi. Amuna anayi analinyamula. Pansi pake panagona mayi wamfupi wokalamba, atavala zikopa zake zonse, pakuti nthaka youndana siiwoletsa kanthu. Tsitsi lake linali lolukidwa mbali imodzi yokha. Pachifuwa pake panali jombo yaikulu yakumanzere, singano ya fupa la mbalame ili chibayire, ulusi ukulendewera. Siluk anagwada m'matopemo nalira mokweza, osasamala kuti alenje anzake akumuona, chifukwa chimwemwe chinamukulira. Gogo Naulak anasuzumira m'dzenjemo, napukuta maso ndi mkono, nati: "Mwaonatu ulesi wake. Zala zitatu zokha, zaka chikwi!"

Siluk analoza kambendera koyandikana ndi mfundoyo, pamene singano imapita ikachoka poyambira, ndipo mawa lake anapezamo mwamuna wa mafupa akuluakulu, jombo yabwino kumanja, yazigamba kumanzere. Onse awiri anawakweza pachitunda mphepo isanafike. Namgumi uja anamira, ndipo m'mawa mwake malo onse amene anagona Siluk anali nyanja.

Chimphepo chitatha, Mayi Solheim anayeza jombo ija, naijambula mbali zonse. Pamenepo Siluk anapempha kuti amupatse amalize. Katswiriyo anatsala pang'ono kukomoka. Anati palibe katswiri pa dziko lapansi amene angalole kuti chinthu cha zaka chikwi chibayidwe ndi singano. Siluk anayankha mofatsa kuti iye sakupempha chinthu cha eni, koma ntchito yake yomwe anaisiya pakati, ndipo anali atalonjeza kuti adzaimaliza. Mayiyo anakumbukira pangano lija, anayang'ana gogo amene ankadikira pa bokosi, ndipo pomaliza anati: "Chabwino, koma mundilole ndikugwirireni chikopacho."

Siluk anapaka chikopacho mafuta, natafuna m'mphepete mwake monga amachitira amayi kuti chifewe, nagwira singano yakale ija. Inali yakuthwa ngati yanoledwa dzulo. Anasoka pamaso pa mudzi wonse, ndipo anyamata amene anamuseka kale, tsopano madoda a imvi, anaima zipewa zili m'manja. Siluk atamanga mfundo, Mayi Solheim anatenga galasi lokuzira zinthu nafunafuna pamene panathera dzanja lakale ndi pamene panayambira latsopano, koma sanapapeze. Siluk anagwada pamaso pa gogoyo napereka jomboyo ndi manja awiri.

"Amuna anga, nayi jombo yanu. Pepani pochedwa."

Gogo Naulak anaitembenuza, nayendetsa chala pa msoko wonse kufuna polakwika, ndipo atapasowa anati: "Mwachedwadi, mayi. Koma dzanja ndi lomwe lija." Iye mwini ndiye anavula Naulak woyamba uja jombo yazigamba namuveka yatsopano, asanawaike awiriwo m'manda a pachitunda.

Tsiku lotsatira anakumana pasitolo monga mwa nthawi zonse, ndipo anthu anatchera khutu. Gogoyo anatsegula pakamwa, natsekanso, pakuti funso la zaka makumi anayi linali litatha, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka wokalamba. Siluk anamva chisoni. Koma gogoyo anayang'ana manja ake, nakweza mawu kuti aliyense amve: "Akazi anga, nanga zala zangazi zizifa ndi chisanu? Magolovesi ali pati?" Siluk anaseka mpaka zitini zinagwedezeka pa shelefu, nayankha mokweza kuti: "Mawa, amuna anga!"

Manda otsalawo anawasamutsa m'zilimwe ziwiri zotsatira, ndipo woloza pokumba anali Siluk. Kamtunda ka nsangalabwi kaja lero kali pansi pa madzi. Koma wopita ku Imaruk akakwera pachitunda cha kuseri kwa tchalitchi adzaona nthiti za namgumi zitazikidwa m'mizere iwiri, iyi ikugwera pakati pa ziwiri za mzere winawo. Pamene pagona Siluk woyamba sanazikepo kanthu, chifukwa mfundo siionetsedwa. Mlendo akafuna kupadziwa amangofunsa mwana aliyense wa pa Imaruk, mtsikana kaya mnyamata, ndipo mwanayo amasolola singano m'chipewa chake, n'kuwerenga nthiti zitatu.